Kusowa kwa Kaseti ya Malemu Eneya

Nditabwerako kogula mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi, ndinapeza kompyuta ikujambulabe, koma ikujambula chete. Kachitseko ka makina oimbira makaseti kanali kotsekula, ndipo mkati munalibe kanthu.

Ndinayang'ana pansi pa tebulo, kuseri kwa kabati, ngakhale m'matumba a jekete lomwe sindinalivale tsikulo. Kenako ndinakhala pampando n'kuvomereza: kaseti ya malemu Eneya inali itabedwa m'nyumba mwanga, masanasana, Lachinayi.

Chipumire pa ntchito ya uphunzitsi ndakhala ndikusamutsa nyimbo za m'makaseti akale n'kuziika m'kompyuta imene mwana wanga anandisiyira. Anthu a kuno ku mpata wa Fort Lister amandibweretsera makwaya, maukwati, tchopa, zonse zojambula okha pa mawailesi a mabatire. Ntchito yake si yovuta, koma imafuna kudekha, ndipo kudekha m'dera lino n'kosowa kuposa feteleza. Kaseti saithamangitsa. Iyenera kuimba mbali yonse monga inajambulidwira, kompyuta ikumvetsera. Chachikulu ndi mlingo wa mawu. Pagalasi pamakhala timizere tiwiri tovinavina: tikamavina mobiriwira zili bwino, tikafika pofiira mawu amang'ambika. Mawu otsika umatha kuwakweza pambuyo pake, koma ong'ambika sasokeka. Ndafotokozera zimenezi aliyense amene walowapo pakhomo panga, ndipo aliyense amagwedeza mutu mwaulemu n'kunena kuti, "Tamva aPhunzitsi, koma mukwezeko pang'ono."

Kaseti imene inasowayi anabwera nayo ndi a Zelifa, itakulungidwa m'pepala la shuga. Amuna awo, a Eneya, anali woimba banjo, ndipo anamwalira mvula ili pakati. Anali mkamwini m'mudzi mwa akazi awo. Kwawo kunali ku Jenala. Loweruka abale awo anali kubwera kudzasudzula a Zelifa ndi kutenga za malemu: banjo, njinga, wailesi ndi kasetiyo. Inalipo imodzi yokha, yojambulira pabalaza m'zaka zija matipate atangoyamba. A Zelifa anangondipempha chinthu chimodzi, kuti ndiwaikire nyimbozo pa memore ya foni Loweruka lisanafike, atsale ndi mawu a amuna awo. Tsopano mawuwo anali atapita, ndipo ndinkadziwa zomwe a ku Jenala akanadzanena: mayiyu wabisa katundu wa malemu, asasudzulidwe.

M'mawa umenewo magetsi anali atayaka, mwayi wosachita nawo chibwana. Ndinakonza mlingo, ndinayambitsa mbali yoyamba, n'kutsikira ku sitolo. Chitseko ndinangochikoka. Chikhalire changa pano sindinakiyepo chitseko popita ku sitolo.

*

Wakuba anaiwala mboni imodzi. Kompyuta inali itajambula zonse zimene makina anachita ine kulibe.

Mawu akajambulidwa amaoneka pagalasi ngati mzere wa udzu. Poyamba udzu wake unali wometa bwino, wa mlingo wanga. Utafika pa nyimbo yachinayi unasanduka khoma, lodzaza kuchokera pansi mpaka pamwamba. Wina anali atapotoza kabatani ka voliyumu mpaka kumapeto. Pambuyo pa khomalo panali kampata, kenako khoma lina lofanana nalo, kampata, khoma linanso. Kenako kaphokoso ka kudina batani, n'kukhala zii.

Ndinamvetsera. Inali nyimbo yomweyomweyo katatu, wina akuibweza m'mbuyo. Nyimbo ya ku mowa, ya mtundu uja mwamuna amafunsa zopanda manyazi, mkazi n'kumayankha zoposa pamenepo. Wofunsa anali a Eneya. Woyankha anali mtsikana wa mawu okwera, oseka. Zinali zong'ambika moti ndinachita tsinya, koma ndinamvamo a Eneya akuti, "Yankha, Belita." Sindinkadziwa Belita aliyense.

M'chipinda changa mulibe sipika. Chingwe chochokera ku makina n'champhanda: mwendo wina umalowa m'kompyuta, wina m'mahedifoni, ndipo kabatani kamodzi kaja kamalamulira zonse ziwiri. Mahedifoniwo anali patebulo.

Za ku polisi ndinaziganizira n'kuzisiya. Ndinadziona ndili pa kauntala ndikufotokozera mnyamata wa yunifolomu kuti kaseti n'chiyani, ndipo Loweruka likanandipeza ndikufotokozabe. Munthu wokonda kufiiritsa mawu ndinkamudziwa mmodzi. Koma ndisanapite kwa iye ndinaoloka njira kukafunsa munthu amene amaona aliyense wolowa pakhomo panga.

*

A Katija, amake Zakia, amakazinga mandasi pansi pa mtengo wa mango moyang'anizana ndi nyumba yanga. Chimwalirire mkazi wanga Rozaria amandisiyira mandasi awiri pawindo m'mawa uliwonse, ndipo nkhani imeneyo sitinaikambiranepo. Ndinawauza kuti kanthu kena kasowa m'nyumba. Sanadzutse mutu pa chiwaya.

Anati anandichenjeza kalekale za chitseko changa, koma anthu ophunzira kwambiri amayesa loko ndi chokongoletsera. Anati amene analowa ndi awiri. Woyamba Faiz wobena nyimbo uja, akuyenda ngati msewu ndi wa bambo ake. Wachiwiri Gracious wa kabaza, mwana wa mlongo wawo wa malemu Eneya, amene potuluka anaima n'kugula mandasi, n'kuwadyera pomwepo akulongolola. Nditafunsa ngati iwo anafika pakhomo panga, anati anafika monga mwa masiku onse, anaika mandasi pawindo n'kubwerera msanga, poti mafuta anali pamoto.

"Simunalowe m'kati?"

"Ndilowe kukatani m'nyumba ya mwamuna wokhala yekha? Kukamvera makina anu olira ngati udzudzu aja? Kachotseni mandasi anu pawindo, aPhunzitsi, nyerere zawapeza."

*

Kabenchi ka Faiz kali pamsika, pakati pa wometa ndi wogulitsa mayunitsi, ndipo umakamva usanakaone. Sipika yake inali kukhosomola nyimbo ina imene mwina inali yabwino isanafike m'manja mwake. Ndinachita kumulozera ndi chala kuti atsitse. Anatsitsa pang'ono, nkhope ili ngati akuzulidwa dzino.

Sanakane kuti anabwera. Anati ankafuna kubwereka chingwe changa champhanda, anapeza chili pa ntchito, ndiye anavala mahedifoni kuti amve chimene mdala akuphika. Anamva banjo, zachikalekale, zotsika ngati munthu akuimbira m'chitsime. Ndinamupempha aing'ung'uze nyimbo imene anamvayo. Anang'ung'uza yachiwiri, moiphonya koma yozindikirika.

"Ndiye unakweza."

"Mdala, dzanja linapita lokha, koma ndinalibweza. Tsiku lija munandiphunzitsa za kufiira mpaka ndinaphonya nkhomaliro. Sindingadziputirenso zimene zija."

Ndinamuuza kuti kaseti yasowa. Anaseka mpaka wometa anasuzumira, makina ali m'manja. Anati iye akanafuna nyimbozo akanabaya fulashi m'kompyuta n'kutenga zonse, za a Eneya, za makwaya, ndi zithunzi za adzukulu anga zomwe, ine osadziwa kanthu. Kaseti akanakaimbira pa chiyani, pa chiwaya? Ndinali nditatenga kaseti ina m'thumba. Ndinamupatsa n'kumufunsa kuti atafuna kubweza nyimbo m'mbuyo angatani. Anaitembenuza uku ndi uku, anasuzumira m'mabowo, anaigwedeza pafupi ndi khutu. Kenako anandifunsa kuti tchaja chake chimalowa pati.

Wondiberayo anali atabweza nyimbo kawiri n'kugwera pa chiyambi chake ndendende. Limenelo ndi dzanja lokulira pa makaseti. Ndinamusiya Faiz, ndipo ndisanadutse wogulitsa mayunitsi sipika inali itayambanso kukhosomola.

*

Gracious ndinamupeza pa siteji ya kabaza, atavala jekete lowala ndi kabaji ka kwaya ya kutchalitchi. Ndi mwana wa mlongo wawo wa a Eneya, choncho za malemu zinali kudzagwera m'manja mwake. Amayankhula ngati akuwerenga zolengeza pambuyo pa mapemphero.

Anati inde, anafika, monga woimira mbumba, kudzaona ngati katundu wa mbumba akusamalidwa moyenera. Anagogoda, palibe anayankha, analowa. Anavala mahedifoni, anamva amalume ake akuimba za njala, ndipo anawavula msanga chifukwa mtima unamulemera. Anandiuzanso, ine osafunsa, kuti pa tsiku lovundukula chiliza adzabwereka masipika akuluakulu a ku Migowi n'kuimba kasetiyo yonse, mbali zonse ziwiri, kuti anthu a ku Michesi mpaka a ku chigwa adziwe kuti kunali munthu. Zimenezi anali atauza kale aliyense amene anakumana naye m'mawawo, kuyambira amayi a mandasi. Atachoka pa mandasipo ananyamula mayi wina woyembekezera kupita naye kuchipatala, ndipo anzake awiri anavomera kuti anamuona akupalasa chokwera thukuta lili kamukamu.

Nyimbo ya njala inali yachitatu. Komanso munthu saba Lachinayi chinthu choti apatsidwa Loweruka pamaso pa anthu. Ndinayamba kutsanzika, koma Gracious si wopusa.

"Mafunso onsewa, aPhunzitsi, kaseti ilipo?"

Ndinati ndikuifufuza.

Anatsika panjinga. Anati anadziwa kuyambira pachiyambi kuti a anti ake, a Zelifa, ali ndi pulani. Anati katundu wa malemu satuluka m'nyumba mbumba isanakhale pansi, ndipo ine ndi iwo tagwirizana kukagulitsa nyimbo za amalume ku wailesi. Ndinafuna kumufunsa kuti ndi wailesi iti imene ikufunafuna banjo ya ku Jenala, koma anzake a kabaza anali atasiya bawo n'kuyandikira.

"Loweruka kaseti ikapanda kuoneka pa mphasa, palibe kusudzula. A anti adzavala zakuda mpaka zitawathera pathupi. Mukawauze choncho."

*

Sindinakawauze. Ndinabwerera njira ya kumunsi, yosadutsa kwa a Zelifa. Sindikonda kuimirira pamaso pa munthu wolira ndilibe chomuthandiza nacho.

Kunyumba ndinaika kaseti ya kwaya ina m'makina, ndinavala mahedifoni, n'kupotoza kabatani mpaka kumapeto monga anachitira wakuba. Ndinawavula ngati ndagwira mbaula, ndipo makutu anatsala akulira. Palibe munthu angamvetsere nyimbo katatu chotero, ngakhale Faiz amene. Ndinawaponya patebulo mokwiya, kaseti ikuimbabe.

Ali patebulopo ankamveka. Kwaya yonse, ndi abesi omwe, inkatuluka m'timabowo tija ili kamawu kakang'ono, kopyapyala, kozungulirazungulira khutu.

Ndinatsitsa kabatani kufika pa mlingo wanga. Zii. Ndinakwezanso n'kutuluka kukaima pawindo pomwe amaika mandasi. Sindinamve kanthu koma nkhuku za eni ake ndi chigayo chakutali. Ndinaima pachitseko, palibenso. Kamawu kaja kankamveka pokhapokha munthu ataweramira patebulo.

Ndiye kuti wakubayo sanavale mahedifoni. Anakweza kuti amve ali chiimire. Ndipo m'mudzi monse muno munthu amene akanadziwa kuti makina anga amalira ngati udzudzu anali mmodzi yekha, amene anawaliritsa.

Ndinakhala kanthawi ndikuyang'ana mandasi awiri aja pa mbale. Ndikanakonda akanakhala Faiz.

*

Ndinadikira kuti ogula achepe. Kenako ndinawafotokozera a Katija mwadongosolo, monga ndinkachitira pa bolodi: kabatani, mahedifoni, windo, udzudzu. Iwo ankangotembenuza mandasi omwe anali atapsa kale. Anati kukhala ndekha kwandisokoneza mutu. Anati akauza amuna awo, a Bashiri, kuti ndikuwatcha akuba pa malo awo a geni. Ndinati ndi bwino, awaitane, ndipo ndiwamvetsere nyimboyo, chifukwa amene ankaibweza m'mbuyo uja anaijambulira yekha m'kompyuta katatu konse.

Supuni inaima.

"Ili m'kompyuta?"

"Yong'ambika, koma dzina likumveka. Belita ndi ndani, amake Zakia?"

Anaphula chiwaya, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita dzuwa lili m'mwamba. Anati Belita ndi iwo. Anabadwira m'mudzi mwa a Zelifa, anakulira limodzi, ndipo dzina la Katija analitenga polowa Chisilamu pa nthawi yokwatiwa ndi a Bashiri, ine ndisanabwere kuno. Tsiku lojambula lija anali mtsikana. Pakhomo panali mowa, ndipo a Eneya anawaika kutsogolo chifukwa anali ndi mawu komanso analibe manyazi. Anali ataiwaliratu kuti kunali kaseti, mpaka Gracious, mandasi ali m'kamwa, atayamba za masipika a ku Migowi. Anangofuna akaone ngati nyimboyo ilimo. Chovala m'makutu chija sakanachiveka pamwamba pa mpango manja ali mafuta okhaokha, komanso chinali chitangochoka m'makutu a amuna awiri. Ndiye anapotoza chimene chinkaoneka chopotoza.

"Munamva zimene ndikuyankha m'menemo?"

Ndinati zina ndinamva.

"Zakia akumanga ukwati mwezi wamawa ndi mwana wa a shehe. Nyimbo ikalira pa masipika, mawa lake ili pa foni ya aliyense. Theka la anthu a m'mudzi muja likukumbukira kuti Belita anali ndani. Inu mukuona kuti ukwati umenewo ukhalapo?"

Ndinafunsa komwe kunali kaseti. Anati anafuna kuiponya pamoto, anaigwira pamwamba pa mbaula mpaka inayamba kufunda, koma anakumbukira Zelifa. Anatsekula chidebe cha ufa wa mandasi, anapisa dzanja mpaka m'chigongono, n'kuitulutsa. Sanaikulunge ngakhale m'pepala. Ufa unali m'mabowo, m'kawindo, ndi pa tepi penipeni.

Ndagwirapo makaseti obooledwa ndi chiswe, ndagwirapo onyowa ndi madzi osefukira, koma yofotsera mu ufa wa tirigu inali yoyamba. Ndinaigwira ndi zala ziwiri.

"Ifufuteni nyimboyo," anatero. "Inu mumadziwa."

Ndinati kudziwa ndikudziwa, koma kaseti si yanga, ndipo si yawonso.

*

A Zelifa anabwera Lachisanu m'mawa nditawaitanitsa, atavala zakuda zawo, n'kukhala pampando wa pakona, manja ali pamiyendo. A Katija anakhala pafupi ndi chitseko ngati munthu wodikira jakisoni. Ine ndinali nditaweramira kasetiyo kwa nthawi yaitali ndi kaburashi ka penti ka adzukulu anga, ndikuchotsa ufa, ndipo chitseko ulendo uno ndinakiya.

Ndinafotokoza mwachidule. A Zelifa anamvetsera osaphethira. Nditamaliza anatembenukira kwa mnzawo n'kumufunsa chifukwa chake sanangobwera kudzanena, poti njira ya kwawo akuidziwa. A Katija anati anachita manyazi. A Zelifa anati manyazi amenewo afika mochedwa kwabasi, ndipo tsiku lija amene anadina batani la wailesi n'kuigwirira m'mwamba mpaka mkono kuuma anali iwo eni, a Zelifa.

Ndiye kuti ndikanangoyamba ndi njira ya kumtunda, ya kwa a Zelifa, n'kuwafunsa kuti Belita ndi ndani, ndikanapulumuka ku sipika ya Faiz ndi ulaliki wa Gracious.

A Katija anapempha kuti nyimboyo ichoke paliponse, pa kaseti, m'kompyuta ndi pa memore. A Zelifa anakana. Anati pa kaseti yonseyo a Eneya akuimba za njala, za maliro, za anthu opita ku Joni osabwerako. Nyimbo ya Belita ndi yokhayo imene akusekamo. Kuimba kwa amuna awo akukukumbukira bwinobwino. Chimene chayamba kuwathawa ndi kasekedwe kawo.

Ine ndinayesa kuikapo mawu. Ndinati kaseti mawa ikhala ya a ku Jenala, ndipo kufufutamo nyimbo n'kuwapatsa ngati yathunthu sikundikomera kwenikweni.

"A ku Jenala akudzatenga za Eneya," anatero a Zelifa. "Banjo ndi ya Eneya, njinga ndi ya Eneya. Belita si katundu wa Eneya."

Nditafunsa kuti nanga Gracious akadzamva mpata pakati pa nyimbo adzamuyankha chiyani, anati sadzadikira kuti afunse. Adzanena okha pa mphasa kuti afufuta ndi iwo, amayi ake a Gracious ali pomwepo. Amayi akewo tsiku lija analipo, ndipo mmene ankavinira sangafune kuti nkhaniyo italike.

Anagamula okha. Pa kaseti nyimboyo ifufutidwe. Pa memore isaikidwe, poti foni yawo imakatchajidwa kwa Faiz, ndipo cholowa kwa Faiz chimatulukira pa sipika. Ikhale m'kompyuta ya aPhunzitsi mokha, yosang'ambika, ndipo iwo akaifuna azibwera kudzavala za m'makutuzo. Palibe anandifunsa ngati ndikufuna alendo. A Katija anakana kawiri, kachitatu anangoyang'ana pansi. Kenako anati ndilumbire kuti palibe wina adzaimve. Ndinati ine sindilumbira, koma ndanena.

Tinasamutsa mbali zonse ziwiri, magetsi atatichitira chifundo, timizere tikuvina mobiriwira. A Zelifa anavala mahedifoni pamwamba pa duku. Itafika nyimbo yachinayi mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo ine ndinapeza choyang'ana pawindo. Pomaliza ndinamvetsera zojambulidwazo kuti nditsimikize kuti ufa sunaononge kanthu, ndinachotsa makoma atatu a a Katija aja, n'kuika nyimbo zina zonse pa memore. A Zelifa anaimanga pa nsonga ya chitenje.

Panatsala kasetiyo. Pamwamba pa kaseti pamakhala timano tiwiri. Ukatithyola, makina amakana kujambulapo china. A Eneya anali atatithyola bwinobwino, munthu wosamala. Ndinamata selotepi pa bowo, ndinabweza tepi mpaka pa chiyambi cha nyimbo yachinayi, ndinaona pa kauntala ya makina pomwe imathera, n'kuzula zingwe zonse zolowetsa mawu. Zaka zonsezi ndakhala ndikupulumutsa mawu a anthu ku chiswe ndi chinyontho, ndipo chala changa chinakana kupita pa batani lofiira. Ndinawalozera a Zelifa kuti ndi ilo.

Anadina okha. Tepi inayamba kuzungulira.

Tinakhala duu ngati tili pa siwa. A Katija anali atagwira pakamwa ndi nsonga ya mpango. Ndinawauza kuti akhoza kuyankhula, kutsokomola, chilichonse. Makinawa sakumva kanthu, akungopukuta.

Patapita kanthawi ndinamva kamawu kuchokera kuchitseko. A Katija anali kung'ung'uza, maso ali pa kaseti, akutsatira pomwe nyimbo ikanakhala itafika. Pa malo a a Eneya ankasiya mpata, kenako n'kuyankha.

A Zelifa anamvetsera atapendeketsa mutu.

"Watsika, Belita," anatero. "Pamenepo unkakwera."

"Ndakalamba, iwe."

"Bwereza."

Ine ndinayang'anitsitsa kauntala, chala chili pa batani loimitsa, kuopa kuti azimayi awiriwa angandifufutitse ndi nyimbo yachisanu yomwe.